Tsiku Limene Ndinagwadira a Shen

Tadala, siya kaye sutikesiyo, ndege yanu ndi ya Loweruka, siikuthawa lero. Nawe Yamikani chotsa timawayato m'makutu. Mlongo wako wandifunsa, m'Chingerezi ngati masiku onse, kuti kodi agogo anu a ku China mukawapatse chiyani chochokera kwa ine. Mukawapatse chithunzi chija tinajambulitsa pa Khirisimasi, chimene ine ndinatuluka bwino. Nsalu ayi. Ngakhale kampango ka m'thumba, ayi. Mukuseka chifukwa mukuyesa kuumira, koma khalani pansi ndikuuzeni, pakuti kumene mukupitako akakusimbirani nkhani ya ine, ndipo akaikamba mokoma kuposa mmene inalili.

Bambo anu ndi mayi anu ndiziwatchula mayina, Mada ndi Wen, popeza nthawi imeneyo anali ana. Anakumana ku yunivesite konkuno ku London. Ine ndinali nditasiya unesi wa m'chipatala chifukwa cha msana, ndikugwira ntchito ya keya kunyumba ya okalamba, ndipo tinkakhala m'kafulati kakale kaja ka ku Barking koyang'anana ndi njanji, kamene makapu ankalira okha m'kabati sitima ikamadutsa. Agogo anu aamuna anali atatisiya kale. Tsiku limene Mada anabwera naye Wen kunyumba ndinaphika nkhuku, mtsikanayo anadya mpaka kuphwanya mafupa, ine mumtima n'kuti uyu ndiye munthu. Anakalembetsa ukwati ku ofesi ya khonsolo, abusa anawadalitsa, amayi a kutchalitchi anavina mpaka nsapato kuvula. Kuchokera kwawo kwa Wen sikunabwere munthu.

Bambo ake, a Shen, sanakalipe. Anangoti ntchito yachuluka. Wen anali mwana wawo mmodzi yekhayo, anamutumiza kuno kuti adzaphunzire n'kubwerera, ndiye akumva kuti wakhazikika ndi mnyamata wakuda wa dziko loti mpaka ulifufuze pa mapu. Ine ndinkati zidzatha zokha. Koma tsiku lina tikusenda mbatata kukhitchini, ndinaona mpongozi wanga akusenda mbatata imodzi yomweyo mpaka kutsala ngati dzira.

"Wen, chavuta n'chiyani?"

"Amayi," anatero, "kwathu ku Shaoxing mwana wamkazi akabadwa, bambo ake amatsekera mowa wa mpunga mumtsuko n'kuukwirira pansi pa mtengo. Umakhala m'nthaka mpaka mwanayo akwatiwe, ndiye amaukumba, anthu n'kumwa pa ukwati. Ambiri anasiya kale, amangogula wa m'botolo. Koma bambo anga anakwirira wanga."

"Ndiye?"

"Ukadali pansi. Kwa iwo sindinakwatiwe. Ndikaimba foni amandifunsa ngati ndadya, basi n'kupatsira amayi."

Analira mosatulutsa mawu, kulira kwa munthu amene wakhala akulira yekha kubafa. Ine ndinadziwa kuti mtsuko umenewo ukapanda kutuluka, mwanayu atsala wopanda bambo bambo ake ali moyo, ndipo tsiku lina adzayang'ana Mada wanga n'kumuona ngati ndiye anamulanda.

Kwathu nkhani ya ukwati siiyendetsedwa ndi mayi wa mwana. Imayenda ndi ankhoswe, ndipo woyenera kupita anali malume a Mada, achimwene anga a ku Linthipe. Koma achimwene angawo ulendo wawo wautali ndi wa ku Lilongwe, nawonso amabwerako akudandaula chizungulire. Ndinati ndipita ndekha ndi anawa, mwambo undikhululukire. Ndinapempha holide kuntchito, ndinasinthana mashifiti ndi mnzanga wa ku Zambia, kenako ndinakhala pansi kuganiza za mphatso, chifukwa kwa asewere supita manja ali lendelende.

Mada anandiuza kuti a Shen amachita malonda a nsalu. Ine ndinati chabwino kwambiri, munthu wa nsalu ndiye adzadziwa nsalu yeniyeni akaiona. Ndinaimbira mng'ono wanga wa ku Limbe kuti alowe mumsika asankhe zitenje zimene iye angavale pa chinkhoswe cha mwana wake, osati zotchipa. Zinabwera ndi mayi wina amene ankachokera kumaliro kumudzi, ndinakazitenga ku Croydon, ndinazisita ndekha. China chinali ndi nkhanga zoyera pa nsalu yobiriwira, chokongola moti ndinafuna kuchibisa.

Muyenera kumvetsa, ana inu. Ine ndili mtsikana chitenje chinkabwera kamodzi pa chaka, abambo akagulitsa mtedza. Chinkachokera ku fakitale ya ku Blantyre, thonje lake lolimidwa kuchigwa kwa Shire, ndipo chikakhala chatsopano chinkanunkhira mwa mtundu wake, tinkachinunkhiza tisanachivale. Chikatha mphamvu chinkakhala mbereko, chikang'ambika chinkakhala nkhata yosenzera ndowa, pomaliza chigamba. Inu chovala chikangothothoka batani mumati agogo tiyeni ku shopu. Ine m'mutu mwanga chitenje chinali chikadali cha ku Blantyre. Ndinali nditakhalitsa kuno osadziwa kuti msika wa kwathu unasintha ine kulibe.

Tinatsika ndege ku Shanghai n'kukwera sitima yothamanga moti mitengo sumaiona, umangoona kubiriwira. Shaoxing mwamuona pa zithunzi za mayi anu, koma zithunzi sizinunkha chinyontho. Ndi mzinda wokhala m'madzi. Kumwera kuli mapiri, kumpoto kuli nyanja yamchere, pakati pake linali dambo, ndiye makolo awo analikumba ngalande mpaka ngalandezo kusanduka misewu. Kumzinda wakale ukatuluka khomo lakutsogolo uli pa msewu wa miyala, ukatuluka lakuseri uli pa masitepe otsikira m'madzi. Makoma oyera, madenga akuda, milatho ya miyala yokhota msana paliponse, ina yakale kuposa mudzi uliwonse umene ine ndimaudziwa. Ine wa ku Dedza, kumene madzi tinkawatsikira kudambo ndi ndowa, ndinkangoyang'ana mayi wina akutsuka chokolopera ali pakhomo pake.

Anatikweza kabwato kakang'ono ka denga lakuda. Wopalasa anakhala kumbuyo, chipewa chakuda pamutu, nkhafi yaikulu akuikankha ndi mapazi, ina yaing'ono yowongolera ili m'khwapa, dzanja lili pa botolo la tiyi. Ndinagwira m'mbali mwa bwato n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima. Wen anandilozera phiri limene m'munsi mwake muli manda a mfumu yakalekale imene amati inaweta madzi osefukira, ndipo anthu amapitabe kukaiweramira. Ndinakumbuka anthu a ku Chikwawa. Anandiuzanso za nyanja ina yaing'ono imene madzi ake amafululira mowa wawo nyengo yozizira, akuti ukatunga kwina mowawo sukoma. M'mphepete mwa msewu ankakazinga chakudya cha soya chimene amayamba achisiya chivunde. Ine ndagwira ntchito m'mawodi, ndanunkhiza zambiri, koma chija chinandibweza m'mbuyo. Ndinadya chifukwa cha ulemu, kenako ndinapempha china. Iwe Yamikani ukachiyese, usakakwinye nkhope.

Ukatuluka mumzinda wakalewo ndi dziko lina: nyumba zazitali, mafakitale, malole usana wonse. Masokosi wavalawo, ngakhale ndi obooka, mwina anachokera chigawo chomwecho.

A Shen ankakhala m'fulati yatsopano, koma anatilandirira kunyumba yakale ya malemu mayi awo, m'mbali mwa ngalande. Munthu wamfupi, wowonda, tsitsi laimvi lometa lalifupi, ndudu ili m'manja. Anandipatsa moni mwaulemu. Mada anangomugwedezera mutu ngati mmene umachitira ndi munthu wodzawerenga mita. Pabwalo panali mtengo, ndipo Wen anandilozera ndi maso pansi pake. Nthaka inali yolimba, yomera ndere, pamwamba pake atakhazikapo mphika wa maluwa.

Tinakhala pa tebulo lozungulira ndi azakhali, amalume ndi asuweni a Wen. Titadya, ndinatulutsa phukusi langa. A Shen anafuna kuliika pambali, chifukwa kwawo mphatso satsegulira pamaso pa woipereka, koma ine ndinati ayi, zinthu zabwino n'zoonetsa. Ndinamasula ndekha. Ndinatambasula chitenje cha nkhanga chija, n'kuimirira, n'kuuza Wen kuti azimasulira. Pakamwa pangapa mukupadziwa. Ndinati iyi ndi nsalu ya kwathu, yopangidwa ndi manja a anthu a kwathu, ndi thonje la m'minda yathu. Ndinati mungazungulire dziko lonse simudzaipeza kwina. Ndinati tilibe milatho ya miyala ife, koma tili ndi ichi, ndipo ndachinyamula kuwoloka nyanja kuti mudziwe kuti mwana wanu sanakwatiwe kutchire.

Ndinaona kuti Wen akumasulira mochedwa, mawu anga ambiri iye ake ochepa, koma ndinati ndi mmene chilili chiyankhulo chawo. A Shen anagwira nsaluyo, anaifikisa ndi chala, anaitembenuza n'kuyang'ana timalemba ta m'mphepete. Anayang'ana akazi awo. Kenako anaimirira, anailandira ndi manja awiri, anaweramitsa mutu n'kunena mawu ochepa.

"Akuti ndi nsalu yabwino," anatero Wen, maso ali pa tebulo.

Ndinagona mokhutira. Koma za mtsuko panalibe amene anatchula.

M'mawa mwake Mada anapempha kuti tikaone kumene apongozi ake amagwira ntchito, pofuna kuwasangalatsa. A Shen anazengereza, anaimba kaye foni, kenako anavomera. Msika wa nsalu wa kumeneko si msika monga wa ku Limbe. Ndi tauni yathunthu, nyumba pamwamba pa nyumba, zonse nsalu zokhazokha, ya makatani, ya masuti, ya mabulangete, mipukutu mpaka kudenga. M'makonde ndinamva Chiswahili, ndinaona abale athu a ku Nigeria akutsutsana mitengo ndi manja. Pamenepo mtima ukanayenera kundiuza kanthu, koma ine ndinali kalikiliki kuwerama uku ndi uku kupereka moni.

Pa shopu pawo a Shen anationetsa makatani, anatipatsa tiyi. Kumbuyo kunali chipinda chachikulu chosungiramo katundu, ndipo khoma lina lonse linali lophimbidwa ndi lona. Manja angawa samva. Anthu akucheza, ine ndinapita n'kukweza kona ya lonayo kuti ndingosuzumira. Lona yonse inatsetsereka n'kugwa.

Nkhanga. Zoyera pa nsalu yobiriwira, zomwezija, kuyambira pansi mpaka kudenga, zikudikira kontena. Pambali pake panali mitundu inanso ya m'phukusi langa lija. Ndinayang'ana timalemba ta m'mphepete, tomweto. Nsalu imene ndinaisita ku Barking inachokera m'chipinda chimenechi, inakwera sitima yapamadzi, inafika ku Limbe, inabwera ku Croydon m'chikwama cha mayi wa kumaliro, ine n'kuibweza kwa mwini wake ndi ulaliki pamwamba. Ndipo abale onse pa tebulo paja ankadziwa. Chimene chinandipweteka koposa ndi lonayo. Foni ija anaimba m'mawa inali youza antchito kuti aphimbe, kuti mayi wachikulire wochokera kutali asachite manyazi.

Ndinatembenuka, a Shen ali chilili pakhomo la chipindacho, kumbuyo kwawo antchito ndi ogula. Sindinaganize. Mawondo anapita okha pansi.

Inu simugwada, ndinayesa kukuphunzitsani ndinalephera. Koma ine amayi anga anandiphunzitsa kugwada ndisanadziwe kuwerenga. Kupereka madzi kwa akulu, kugwada. Kuitanidwa ndi abambo, kugwada. Kuswa mbale, kugwada. Nditangofika kuno ndinkagwadira ngakhale odwala powapatsa mankhwala, mpaka sisitala wa pawodi anandifunsa ngati ndimataya ndolo tsiku lililonse. Kwa ine kugwada n'chinthu chapafupi ngati kunena zikomo.

Ndiye ndinagwada pa simenti paja, n'kuomba m'manja, n'kuyankhula Chichewa, chifukwa Chingerezi chinali chitathawa. "Pepani asewere. Ndayankhula zopusa pamaso pa abale anu ndi nsalu yanu yomwe. Pepani."

Ndudu ya a Shen inagwa. Anathamanga n'kundigwira mikono kuti andidzutse, koma thupi langali mukuliona, komanso kwathu sudzuka mawu ako asanalandiridwe. Anakoka, ine ndili pompo. Anayang'ana Wen, Wen manja ali kukamwa, sakumasulira kanthu. Kenako bambo uja, pamaso pa antchito ake onse, anagwada nayenso. Tinayang'anana nkhalamba ziwiri pansi, pakati pa nkhanga, iye akuyankhula chake ine changa, maso ake ali ofiira. Pofuna kudzuka tonse tinalephera. Ine anandidzutsa antchito awiri. Iye anadzutsidwa ndi Mada, ndipo aka kanali koyamba kuti alole mkamwini wake amukhudze.

Masana omwewo a Shen anachotsa mphika wa maluwa uja, anatema nthaka ndi khasu pang'ono, kenako anapereka khasulo kwa Mada. Bambo anuwo khasu analisiya ali mwana wa sitandade wani, anatuluka matuza manja onse, koma anakumba mpaka mtsuko unaoneka, wamatope, kukamwa kwake komata ndi dothi. Wen anakhala pa sitepe akulira mokweza tsopano. Phwando linachitika patapita masiku ochepa, ndipo kapu yoyamba inabwera kwa ine. Mowawo ndi wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, amaumwa wofunda. Ine chibadwire sindinamwepo, koma ndinanyowetsa milomo. Abusa musakawauze.

Chinandidabwitsa n'chakuti aliyense ankandisamala ngati dzira. Azakhali a Wen ankandisisita dzanja, amalume ankandiweramira. Ndinati anthuwa ndi okhululuka bwanji. Tili m'sitima pobwerera ndi pamene Wen anandiuza.

"Amayi, kwathu munthu wamkulu sagwadira munthu chisawawa. Timagwadira makolo, timagwada pamanda. Bambo aona kuti mwataya ulemu wanu wonse pamaso pa antchito awo, kupempherera mwana wanu kuti amulandire."

"Koma ine ndimapepesa za nsalu."

"Ndikudziwa. 'Pepani' ndi 'nsalu' ndi mawu a Chichewa amene ndimawamva. N'chifukwa chake sindinamasulire." Anandigwira dzanja. "Chonde asadzadziwe. Bambo anga akaona ngati anapusitsidwa amatseka chitseko, ndipo satsegulanso."

Manyazi a nsalu anali aang'ono poyerekeza ndi amenewa. Mzinda wonse wa abale unkanditamanda kuti ndine mayi amene anadzitsitsa chifukwa cha mwana wake, chonsecho pamene mawondo anga ankagunda simenti, Mada sanali m'mutu mwanga ngakhale pang'ono. Ndinkaganiza za nkhope yanga. Bambo uja anapereka chinthu chodula posinthana ndi chinthu chimene ine ndimapatsa aliyense wondipempha madzi. Chaka chilichonse ankanditumizira tiyi wabwino kwambiri, ndipo ndinkamumwa ndikudziwa kuti sindinamuyenere.

Zinakhala choncho mpaka iwe Tadala unabadwa. A Shen ndi akazi awo anati akubwera kudzaona mdzukulu, ndipo amayi a kutchalitchi anati phwando lolandirira mwana ndi alendo lichitikire kwa ine. Wen anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. Tonse tinkadziwa zimene amayi a Chimalawi amachita akalowa m'nyumba n'kupeza bambo wachikulire, mlendo, atakhala pa sofa.

Ndinatenga foni n'kuyamba kuimbira mmodzimmodzi. Atsikana ogwira ntchito ya unesi sanavute, anangoti okeyi anti. Vuto linali anaBanda a ku Croydon, mzamba wopuma ntchito, wamkulu kwa tonsefe.

"AnaBanda, pulizi, Loweruka musadzagwade."

"Mukuti chiyani anaPhiri? Layini ikuduladula."

"Ndikuti asewere anga musadzawagwadire. Mudzangowagwira chanza basi."

"Shuwa? Ndidzalowe m'nyumba mwanu n'kuima pamutu pa alendo ngati inisipekita wa matikiti? Akati ndinaleredwa ndi ndani?"

"Ndi nkhani yaitali. Ndithandizeni."

"Chabwino, ndamva. Koma zachilendo."

Loweruka linayamba bwino. A Shen anakhala pa sofa atavala jekete, amayi ankalowa n'kuwagwira chanza ali chilili, owuma ngati asilikali, ena akundiyang'ana ndi diso loti mudzatifotokozera. Ndinayamba kupuma. AnaBanda anachedwa, masitima anali atavuta. Analowa akupuma wefuwefu, beseni la mandasi m'manja, akudandaula za basi imene anawakweza m'malo mwa sitima. Anatembenuka, anaona imvi pa sofa. Beseni pansi, iwo pansi, manja akuomba. "Mwafika bwanji bambo? Mwawasiya bwanji kunyumba?"

Atakumbuka anandiyang'ana n'kuti, "Sore anaPhiri, mawondo apita okha."

Tsono wamkulu wa onse akagwada, ndani angatsale chilili? Anatsika mmodzi, anatsika wina, mpaka amene anagwira jagi ndi beseni losambitsira m'manja anayenda ndi mawondo kukafika pa sofa. Pabalaza ponse panali amayi ogwada, akuseka, akufunsa za ulendo. Mmodzi anagwadiranso Mada pomupatsa mbale.

A Shen poyamba anadzidzimuka, anafuna kudzuka. Kenako anakhala phee n'kumayang'ana. Anaona kuti palibe akulira, palibe akupempha kanthu. Anaona anaBanda akudzuka n'kupita kukhitchini kukafunsa ngati mpunga wapsa. Anafunsa Wen funso motsitsa mawu, Wen ali ndi iwe m'manja, ndipo mayi anuwo anayankha motsitsa mawu nawonso. Mbale yawo sanaikhudze. Patapita kanthawi anandikodola, ndinakhala pa mpando pafupi nawo, Wen pakati.

"Akufunsa ngati kwanu mumagwadira aliyense."

"Akulu, alendo, apongozi. Inde."

"Akuti nanga tsiku lija munkagwadira chiyani?"

Wen anandiyang'ana ndi maso opempha. Ndikanatha kunena kuti Mada, ndipo bwenzi nkhani itathera pomwepo. Koma bamboyo anali atandiyang'ana m'maso, munthu amene anaphimba khoma lonse ndi lona chifukwa cha ine.

"Uwauze kuti nsalu. Ndinachita manyazi ndi nsalu."

Wen anamasulira. A Shen ananena mawu pang'onopang'ono, akuyang'ana manja awo.

"Akuti iwo anagwadirapo bambo awo okha, ali m'bokosi. Kenako inu."

Anadzuka, anatenga ndudu zawo n'kutuluka panja pa khonde la masitepe la fulati yathu. Akazi awo anagwira pachifuwa. Wen anayamba kukugwedeza iwe chonsecho sunali kulira. Kukhitchini amayi anali akuimba, osadziwa kanthu.

Ndinawatsatira ndekha, wopanda womasulira. Anali atatsamira chitsulo cha m'mphepete mwa khondelo, akuyang'ana njanji, ndudu ili m'manja yosayatsa. Ndinaima pambali pawo. Chingerezi samva, Chichewa samva, ine chawo ndimadziwa zikomo yekha. Ndinali ndi njira imodzi yokha yopepesera imene ndinaidziwa moyo wanga wonse, ndipo imeneyo ndi imene inali itangosanduka yopanda pake pamaso pawo. Mawondo anayamba kupinda okha. Ndinawakaniza. Ndinagwira chitsulo ndi manja awiri n'kuima chilili pamaso pa asewere anga, ngati mkazi wosaleredwa, misozi ikutsika, miyendo ikunjenjemera moti siketi inkagwedezeka. Amayi anga akanandiona akanandikana.

Sitima inadutsa. A Shen anatembenuka, anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana miyendo yanga, anayang'ana manja anga pa chitsulo paja. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anapumira m'mwamba, anabweza ndudu m'paketi, anandigwira pachigongono mwamphamvu mpaka kunjenjemera kunaleka. Anatsegula chitseko n'kulowa, ndipo ndinawaona pa galasi akudutsa pakati pa amayi aja, molunjika kwa Wen. Anaima pamaso pake, anamukonza kolala ya bulauzi imene inapindika, n'kutambasula manja kuti awapatse mwana.

Ine ndinatsala panja kanthawi ndithu. Nkhope yanga inali isanakonzeke kuonedwa ndi anthu.